Sizasi ya Mfumu ndi Bere la Anachisale

Ufumu wa Tikuganizabe uli kutali ndi kuno, ndipo aliyense amene angaone ngati akuudziwa ndiye kuti wasokoneza ndi kwina. Likulu lake ndi Bweranimawa. Pa nthawi ya nkhani ino pampando panali Mfumu Tsegulani Wachiwiri, munthu wamtali bwino, wa mawu okoma pa wailesi, amene ntchito yake yaikulu inali kutsegulira zinthu.

M'dzikomo munali mwambo wa kulawa. Chinthu chatsopano chilichonse chinkayamba chagwiritsidwa ntchito ndi mfumu, kenako mfumuyo nkudula liboni, apo ndiye anthu wamba nkuloledwa kuchiyandikira. Akuluakulu ankati mwambowu unayamba kalekale, pamene mafumu ankamwa madzi a chitsime chatsopano anthu akuona, kuti ngati muli poizoni ayambe kufa ndi iwo. Mafumu a pambuyo pake anausunga mwambowo, koma anaonjezapo bandi. Mlatho ukatha kumangidwa, anthu ankapitiriza kuwoloka mtsinje atapinda mathalauza mpaka mfumu itapeza mpata. Chimbudzi cha pasukulu ya ku Dikirani chinakhala ndi loko mpaka ana amene anaumba njerwa zake anamaliza sukulu, ndipo tsiku lake litakwana mfumu inalowamo nkudzitsekera, bandi nkumaimba mokweza mwaulemu.

Sizasi yodulira maliboniwo inkasungidwa ndi a Lameki Chidothi. Udindo wawo unali ndi malamulo awiri: sizasi izikhala yakuthwa, ndipo woisunga asamayankhule m'bwalo la nduna. Palibe lamulo limene linkawavuta pa awiriwa. A Chidothi anali munthu woti ngakhale kunyumba mawu ankawatulutsa amodziamodzi ngati machesi a m'bokosi lomaliza. Ankaima kumbuyo kwa mpando wa mfumu, sizasi ili pa kamtsamiro kofiira, ndipo nduna zambiri zinkawaona ngati mbali ina ya mpandowo.

Akazi awo, Anachisale, ankagulitsa zitenje mu msika wa Zakwera, ndipo ndiwo ankayankhulira banja lonse.

Tsiku lina akusamba, Anachisale anapeza kambulu m'bere lakumanzere, kolimba, kosapweteka, kukula kwake ngati njere ya mtedza. Sanachedwe nako. Anapita ku Chipatala cha Pirirani, kumene Dokotala Kasawala, mayi wamfupi wosaseka pachabe, anakachotsa pa opaleshoni. Patapita masiku, dokotalayo anawaitana pamodzi ndi amuna awo.

"Ndi khansa, koma mwabwera msanga," anatero. "Chotupa tachotsa, bere tasiya. Chatsala ndi kuwotcha pamalopo ndi kuwala kwamphamvu, kuti ngati mwatsala timizu tosaoneka ndi maso tife."

"Ndiye wotchani, adokotala," anatero Anachisale. "Benchi langa ndasiyira Anambewe, ndipo mayi amene uja amagulitsa ngati akupepesa."

"Vuto ndi mtima wanu, mayi. Uli pansi pomwepo pa bereli, ndipo ndi wofooka kale. Kuwala kwa makina akale kumalowa m'thupi nkupitirira mpaka kukatulukira kumsana, ndipo chimene chili panjira chimapsa nawo. Inu mukufunika makina a pulotoni. Kuwala kwake kumalowa kufika pamene takuuza, nkuthera pomwepo. Kumtima sikufika."

"Makinawo ali kuti? Kunja?"

Dokotala analoza pawindo. Kutsidya kwa bwalo la chipatala kunali nyumba yatsopano yoyera, yopanda mawindo, pakhomo pake patamangidwa liboni limene dzuwa linali litalichotsa kufiira. A Chidothi analidziwa libonilo. Analimanga okha chaka chatha.

"Tili ndi nthawi yaitali bwanji?" anafunsa a Chidothi.

"Bala likangopola tiyenera kuyamba. Mvula ikagwa tisanayambe, ndidzachotsa bere lonse, ndipo ngakhale pamenepo sindidzakulonjezani zimene ndingakulonjezeni lero."

Potuluka, a Chidothi anayang'ana mtengo wa mango wa pachipata. Mango anali atayamba kale kukhwima.

Makinawo mfumu inawaona pa ulendo wina wa kunja. Itamva kuti kuli kuwala kumene kumaima pamene kwauzidwa, inagwira mtima nkunena kuti kuwala komvera chotero kuyenera kubwera kudzaphunzitsa anthu ake khalidwe. Anagulidwa, anafika, anamangiridwa nyumba. Kenako munthu wina wosadziwa kusunga pakamwa anaiuza mfumu kuti makinawo akamayaka, ngakhale madokotala amatuluka m'chipindamo nkutseka chitseko chochindikala ngati khoma la ndende, wogona pabedi nkutsala yekha. Mfumu inalengeza kuti siikuopa, yangotanganidwa. Inatanganidwa chaka chonse.

Dokotala Kasawala anapempha kuti akayankhule m'bwalo la nduna, ndipo analoledwa chifukwa tsikulo kunalibe nkhani ina. Anafotokoza kuti ali ndi mayi amene khansa yake yangoyamba kumene. Dzina sanatchule.

"Yangoyamba?" anafunsa a Zachitika, Nduna ya Zaumoyo ndi Maliro. "Ndiye changu nchachiyani? Ikule kaye, tonse tiione. Boma silingayatse makina aakulu ngati amene aja chifukwa cha kanthu konga mtedza. Akunja adzati tikusewera."

"Ikakula nkufalikira, makinawa sadzamuthandizanso, bwana."

"Nanga ndi makina anji othandiza odwala pang'ono okha? Kodi tinagula olakwika?"

M'bwalomo onse anakumbukira amene anasankha makinawo. A Ndithudi, Nduna ya Miyambo ndi Maliboni, anadzuka msanga kudzakonza.

"Makina sanalakwike," anatero. "Odwala ndiwo akudwala mosatsata ndondomeko."

Mfumu inakhosomola. Inafunsa ngati kulawako sikungachitike pa chala chaching'ono cha kuphazi, chitseko chili chotsegula. Dokotala anayankha kuti kuwalako saika pa munthu wopanda matenda, ngakhale pa chala. A Ndithudi anakumbutsa bwalo kuti malinga ndi lamulo mfumu sidwala, choncho singagone pa makinawo. Komanso malinga ndi mwambo palibe angagonepo mfumu isanagonepo. Ananena kuti mfundo ziwirizi nzolimba mofanana, zimene zikusonyeza kuti dziko lili pamaziko abwino. Anakhazikitsa komiti.

Kumbuyo kwa mpando, sizasi inalira pang'ono pa kamtsamiro. A Chidothi anaigwira ndi chala chachikulu.

Bala la Anachisale linapola. Anabwerera ku msika, ndipo madzulo a Chidothi ankadutsa kukawanyamulira mtolo wa zitenje, ntchito imene kale sankaigwira ndipo palibe anaitchula. Tsiku lina atangofika, galimoto ya boma ya zokuzira mawu inaima pakati pa msika nkuyamba kulengeza lamulo latsopano. Mayi wina anali atapezeka mu minibasi atakhalira nkhope ya mfumu ya pachitenje. Choncho kuyambira tsikulo, nkhope ya mfumu pansalu inali mfumu yeniyeniyo. Osaikhalira. Osaifinya pochapa. Osaiyanika chozondoka. Woichapa azigwada.

Galimoto itapita, anthu anadikira kaye kuti fumbi litsike.

"Chitenje changa ndinaberekera mdzukulu dzulo wopanda thewera," anatero Anambewe, amene benchi lawo la tomato linali pafupi. "Mwanayo anayankhula ndi mfumu momasuka ndithu."

"Ine ndimapukutira manja m'cha mkazi wanga ndikatha kusenda mbuzi," anatero a Twaibu a pabutchala. "Kani ndimapatsana moni ndi akuluakulu tsiku ndi tsiku osadziwa."

"Nchifukwa chake nyama yanu yakwera, achimwene. Mwayamba kudziwana ndi anthu."

Anachisale sanaseke nawo. Anasolola chitenje chimodzi pa mulu wa zimene zinkangogulidwa kukakhala mwambo, nkuchitambasula pachifuwa. Nkhope ya mfumu inamwetulira pamwamba pa bere lakumanzere.

"Bambo a Mwandida, mwamva zimene anenazi? Awa ndi mfumu."

"Ndamva."

"Ndiye ndikagona pa makina aja nditafunda awa pachifuwa, kuwalako kuyamba kugunda ndani, ine kapena iwo?"

A Chidothi anayang'ana chitenje, anayang'ana akazi awo, nkunyamula mtolo.

"Ngati ali mfumu pamene ndikuchapa," anatero Anachisale akuwatsatira, "akhalenso mfumu pamene ndikudwala."

Lamulo linkaletsa a Chidothi kuyankhula m'bwalo, koma za pakhonde silinanenepo. M'mawa mwake anawanong'oneza a Ndithudi maganizo a akazi awo aja pakhonde, akuwagwirira chikwama. Bwalo litakumana, a Ndithudi analengeza kuti mfumu yalota njira yothetsera vuto la makina, ndipo anaifotokoza yonse. Mfumu inavomera kuti ikukumbukira kuti inalotadi zinthu zonga zimenezo.

Dokotala Kasawala anati alibe mawu otsutsa, koma ayenera kuyeza kaye kuchindikala kwa chilichonse chimene chili panjira ya kuwala, kuti kukaime pamalo oyenera. Anapatsidwa chitenje atagwada, anapita nacho, nkubwera ndi yankho.

"Ndayeza," anatero. "Kuwala kudzadutsa mwa mfumu osapezamo chokuimitsa."

A Ndithudi sanadikire kuti mawuwo akhazikike.

"Mwamva inu? Ngakhale a sayansi atsimikiza. Mfumu yathu siimitsa chitukuko!"

Bwalo linaomba m'manja. Kenako panabuka mkangano woti ndi mbali iti ya nkhope imene igone pabala. Mphuno anaikana, pakamwa anati mpochititsa manyazi. Anagwirizana za pamphumi, popeza ndi pamene panachokera lotolo.

Tsiku lotsegulira, miyala ya m'mbali mwa msewu wopita ku Pirirani inapakidwa laimu, mitengonso mpaka m'chiuno. Kunabwera matenti, mipando, maluwa a m'miphika, amayi ovina, bandi, ndi jenereta yaikulu ngati minibasi imene inafika pa lole ya Unduna wa Miyambo ndi Maliboni. Mfumu inakhala m'tenti ya kutali kwambiri ndi nyumba ya makina, pamene anati mpamene pakuomba kamphepo kabwino, ndipo anaiikira wailesi ya kanema kuti izidzionera yokha ikulawa.

Anachisale analowera khomo lakumbuyo, popeza lakutsogolo linali ndi liboni. Anagona chagada, mkono wakumanzere ataukweza pamwamba pa mutu. Dokotala anayang'ana timadontho ta inki timene anawalemba pakhungu, anakonza bedi, nkuyala mphumi ya mfumu pachipsera. Onse anatuluka, chitseko nkutsekeka. Pa kanema panaoneka nkhope ya mfumu ikukwera ndi kutsika pang'onopang'ono. Nduna zinagwirizana kuti sizinaonepo munthu wolimba mtima chotero.

A Chidothi anaima pafupi ndi khomo lakumbuyo ndi kamtsamiro kawo. Sanayang'ane kanema. Ankamvetsera kulira kwa jenereta.

Posakhalitsa Anachisale anatuluka akumanga mpango.

"Basi? Sindinamve chilichonse. Mwayatsadi, adokotala, kapena nanunso ndi za mwambo?"

"Tayatsa, mayi. Za lero zatha. Mubwere mawa nthawi yomweyino, mkuja chimodzimodzi, tsiku lililonse kwa masabata angapo. Osadumphitsa."

Nthawi yomweyo lole ija inayamba kubwerera chambuyo kulunjika pa jenereta. Dalaivala anasuzumira pawindo nkukuwira anzake.

"Akangodula, tizula mawaya! Mawa tili ndi mjigo ku Dikirani!"

A Chidothi anali ataona zimenezi pa mwambo uliwonse. Liboni likaduka, matenti, mipando, maluwa ndi jenereta zinkakwera lole nkutsatira mfumu. Pena anazulanso ndi mipopi yomwe. Iwo ankakhala ali m'galimoto yakutsogolo akupukuta sizasi, ndipo sanaganizepo za chimene chimatsala m'mbuyo.

"Adokotala," anatero chapansipansi, "magetsi a nyumbayi?"

"Ali mu gawo lachiwiri la ntchito."

"Liyamba liti?"

"Silinapatsidwe tsiku."

Bandi inali itayamba kale nyimbo yoitanira mfumu pa liboni. A Chidothi anatembenukira kukhoma. Sizasiyo anali atainola m'mawa womwewo, monga ankachitira nthawi zonse, mpaka inkadula tsitsi limodzi lili m'malere. Anapisa m'thumba, anatulutsa kandalama kachitsulo, anakalowetsa pa kabawuti kapakati kogwirizitsa mipeni iwiri ya sizasi, nkukamasula pang'ono. Anaiyala bwinobwino pa kamtsamiro nkupita kukagwada.

Mwambo unkati mfumu imadula kamodzi. Mfumu silimbana ndi nsalu anthu akuona.

Mfumu Tsegulani inakweza sizasi kuti ojambula ajambule, inaitsitsa, nkutseka. Liboni linapinda nkulowa pakati pa mipeni ngati lilime, lonse lamphumphu. Amayi amene anali atayamba nthungululu anaimeza. Bandi inaleka, kupatula wa lipenga lalikulu amene sankaona kutsogolo ndipo anapitiriza yekha kwa kanthawi.

Mfumu inayang'ana a Chidothi. A Chidothi anayang'ana kamtsamiro.

"Anthu a Tikuganizabe!" anakuwa a Ndithudi, amene pa zaka zawo zonse sanalolepo kuti chete atalike. "Mwaona nokha! Chimene mfumu yakupatsani pano nchachikulu moti sichingatseguke tsiku limodzi! Mlatho umatseguka tsiku limodzi. Chimbudzi chimatseguka tsiku limodzi. Koma ichi? Tibwerenso mawa!"

Nduna zinakumbukira kuti tsiku lililonse la mwambo lili ndi alawansi yake ndi mpunga wake, ndipo zinaomba m'manja kuchokera pansi pa mtima. Mfumu, imene inali itadziona pa kanema ili yolimba mtima, inaona kuti kubwereza sikungaipe. Dalaivala anazimitsa lole.

Mawa lake zinachitika chimodzimodzi: mfumu inalawa, Anachisale ali pansi pake, kenako liboni linapinda. Mkuja chimodzimodzi. Wailesi inayamba kuutcha Mwambo Waukulu Wotsegulira Pang'onopang'ono.

Khungu la pabere linayamba kuda ndi kuyabwa ngati lopsa ndi dzuwa, ndipo Anachisale ankatopa msanga. Dokotala anati zimenezo nzoyembekezereka. Benchi analisiyiranso Anambewe osadandaula, chimene chinawaopsa a Chidothi kuposa khungulo. M'mawa wina akumwa tiyi, Anachisale anawayang'ana amuna awo nthawi yaitali.

"Sizasi ija yadwala chiyani, bambo a Mwandida?"

"Ukalamba."

"Yakalamba tsiku limodzi?"

"Zimachitika."

"Akakugwirani?"

"Tiyi wanu akuzizira."

Anachisale anamwa tiyi. Kenako anatambasula dzanja nkuwakonzera kolala ya malaya, imene inali yokonzeka kale.

Ku msika wa Zakwera nkhani inali yomweyo. A Twaibu anati ali okonzeka kubwereketsa chikwanje cha pabutchala ngati boma lasowa zida. Anambewe anati asatero, chifukwa chiyambire mwambowu nduna zikudya tomato wambiri. Munthu wina wogula atanyinyirika kuti nyama ndi yolimba, a Twaibu anamuuza kuti aziidya pang'onopang'ono, nyama yaikulu siitha tsiku limodzi. Posakhalitsa wangongole aliyense, telala aliyense wochedwetsa diresi, mwamuna aliyense wozengereza ukwati, ankangoti akutsegulira pang'onopang'ono.

Kuseka kumeneku kunafika kunyumba ya mfumu, ndipo mfumu inasiya kumwetulira ikagwira sizasi. A Zachitika nawo anali ndi chawo mumtima. Jenereta ankaifuna pa maliro a boma a mkulu wina amene anali atadikira kale mokwanira. Tsiku lina m'bwalo anayala bokosi patsogolo pa mfumu nkulitsegula. Munali sizasi yatsopano yochokera kunja, yogwirira pake pagolide.

"Mbuye wanga," anatero, "dzanja lanu lilibe vuto. Vuto ndi chitsulo chakale, kapena amene amachisunga. Lero masana mudule ndi iyi, nkhaniyi ithe. Yakaleyo tiipereke kwa amisiri aione bwino, pamodzi ndi mwini wake."

Mfumu inatenga sizasi yatsopano, inaitsegula ndi kuitseka m'malere. Inalira bwino. Dzulo lake dokotala anali atawauza a Chidothi kuti Anachisale angodutsa kumene theka.

A Chidothi anakweza mutu. Anali ataima kumbuyo kwa mpandowo chiyambire ufumu wa bambo ake a mfumuyi, ndipo sanadziwe kuti mawu awo amamveka bwanji m'chipindamo.

"Yatsopanoyo yatsegulidwa?"

Nduna zinatembenuka kufunafuna kumene kwachokera mawu. Zina zinayang'ana kudenga. Zitadziwa kuti wayankhula ndi Wosunga Sizasi, zinaona kuti pali milandu iwiri, ndipo zinayamba ndi wovuta.

A Ndithudi anadzuka pang'onopang'ono, nkhope ikuwala ngati ya munthu amene wapeza ntchito ya mwezi wathunthu. Anati funsolo, ngakhale lachokera kolakwika, ndi la mwambo. Sizasi yatsopano ndi chinthu chatsopano. Mfumu ikhoza kuilawa pa pepala kapena pa ndevu zake, koma chinthu chosatsegulidwa sichingatsegule chinzake. Iyenera kumangidwa liboni lakelake, ndipo libonilo lidulidwe.

"Ndi chiyani?" anafunsa a Zachitika.

"Ndi sizasi ya ufumu."

"Yomwe ikukanayo?"

"Tili ndi ina yotsegulidwa?"

A Zachitika anakhala pansi. Kutsutsa kukanakhala kunena kuti mwambo ukhoza kudumphidwa zinthu zikavuta, ndipo unduna wawo womwe unkadalira kuti maganizo otere asafike kwa anthu. Bokosi linamangidwa liboni tsiku lomwelo. Mfumu inayesa kamodzi, liboni linapinda, ndipo bokosilo linaikidwa pamzere, kumbuyo kwa chipatala. Sizasi yakale sinapitenso kwa amisiri, chifukwa tsopano inali ndi ntchito ziwiri.

Mlandu wachiwiri unali wosavuta. Chifukwa choyankhula m'bwalo, a Chidothi analamulidwa kuti asayankhulemo kwa chaka chathunthu. Analandira chilangocho mwakachetechete.

Tsiku lomaliza la Anachisale kunacha ndi mitambo yakuda kumapiri. Mfumu inalawa monga mwa masiku onse, chitseko chinatseguka, ndipo Dokotala Kasawala anatuluka nawo mpaka pakhomo lakumbuyo, chinthu chimene sankachita.

"Tamaliza, mayi. Khungu lipola. Muzibwera kudzaonedwa, chifukwa matenda awa sitimawatembenukira msana. Koma bere lili pomwepo, ndipo mtima uli mmene ndinaupezera."

"Wofooka?"

"Wofooka monga kale. Sindinaonjezepo."

"Zikomo, adokotala. Mudzabwere ku msika, ndidzakuchotserani pang'ono. Osati kwambiri."

A Chidothi anamva zonsezi ali chiimire. Anagwedeza mutu kwa dokotala nkuzungulira kuseri kwa nyumba. Kumeneko anatsamira khoma kwa kanthawi. Kenako anapisa m'thumba nkutulutsa kandalama kaja. Masabata onsewa ankagona movutika poganiza za sizasi yotafuna nsalu, imene dziko lonse linkadziwa kuti amainola ndi iwo. Anakalowetsa pa kabawuti.

"Bambo a Mwandida, mukutani uko?"

Anachisale anali ataima pangodya, chitenje cha mfumu atachipinda bwino pamkono.

"Ndikukonza."

"Tabwerani kaye."

Anawatsogolera pakhomo lakumbuyo lija. Pabenchi la pakhonde panali amayi, ena achikulire, wina wamng'ono ngati Mwandida wawo, mikono yawo ataigwira mosamala mbali imodzi monga amachitira anthu a bala latsopano. Nkhani ya makina inali itafika m'midzi, ndipo amayi anali atayamba kudzifufuza posamba. Anachisale anapita kwa amene anakhala kumapeto, mayi wa nsapato zafumbi wochokera ku Dikirani, nkumuika chitenje pamiyendo.

"Pamphumi ndi pamene muike pabala, asisi. Osawakhalira, amakwiya." Kenako anatembenukira kwa amuna awo. "Awa ayamba mawa."

"Adzamaliza liti?"

"Akadzamaliza awa, ayamba awo."

Kutsogolo bandi inayamba nyimbo yoitanira mfumu pa liboni, ndipo dalaivala wa lole, amene tsiku lililonse ankaliza injini mwachiyembekezo, anailizanso. A Chidothi anayang'ana benchi lonse kuyambira uku mpaka uko. Anabwezera kandalama m'thumba, anayala sizasi pa kamtsamiro, nkupita kukagwada. Madontho oyamba a mvula anayamba kugwa pa matenti liboni likupinda.

Amene apitako posachedwapa akuti nyumba ya makina ya ku Pirirani sinatsegulidwebe mpaka lero, ndipo boma likupepesa chifukwa cha kuchedwako. Akutinso mu ufumu wonse wa Tikuganizabe, ndi malo okhawo amene magetsi sazima.